Ntchito Yolondoloza Odwala Kummwera kwa Africa: Chiyambi, Zovuta ndi Maphunziro a Oigwira

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mayiko a kummwera ndi pakati pa Africa apita patsogolo kwambiri pa nkhani yopezera anthu awo mankhwala. Dziko la Botswana linayamba kupereka ulere mankhwala otalikitsa moyo a ARV mu 2002, mayiko a Malawi ndi South Africa anayamba mu 2004, ndipo ena anatsatira. Mankhwala a chifuwa chachikulu, katemera wa ana ndi mankhwala a malungo nawonso afika kumadera komwe kale kunalibe.

Komabe kupezeka kwa mankhwala pakokha sikuchiritsa munthu. Odwala ambiri amatayika panjira ya pakati pa chipatala ndi kunyumba. Wina amayezetsa magazi koma sabweranso kudzamva zotsatira. Wina amalandira kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu koma amasowa ndalama yokwerera galimoto. Wina amaleka mankhwala akangoyamba kupezako bwino. Ntchito yolondoloza odwala inakhazikitsidwa pofuna kutseka mipata yotereyi, koma anthu oigwira m'chigawo chino kawirikawiri ndi omwe amaphunzitsidwa kwa nthawi yochepa, kulipidwa pang'ono ndi kuyamba kuchotsedwa ntchito ndalama zikavuta.

Tanthauzo la ntchitoyi

Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa case management. Mfundo yake ndi yakuti wodwala yemwe matenda ake ndi otenga nthawi, kapena amene akufunika thandizo lochokera kumalo angapo, akhale ndi munthu mmodzi wodziwika amene akutsatira nkhani yake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Wolondolozayo amayamba ndi kufufuza zosowa za wodwala, osati za m'thupi zokha komanso za pakhomo: ngati ali ndi chakudya, ngati ali ndi womuyang'anira, kutalika kwa mtunda wopita kuchipatala, ndiponso ngati banja lake likudziwa za matendawo. Kenaka amagwirizana ndi wodwalayo pa dongosolo loti atsate. Amamulumikiza ndi malo oyenera, monga koyezetsa, kolandirira mankhwala, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena gulu la anthu odwala matenda ofanana. Amaonetsetsa ngati wodwalayo wafikadi komwe anatumizidwa, ndipo akajomba tsiku lake amamufunafuna. Pomaliza amatseka nkhaniyo wodwala akachira, akasamukira kwina mwadongosolo kapena akamwalira.

Ntchitoyi imasiyana ndi ya dokotala. Dokotala amaona wodwala kwa mphindi zochepa n'kulemba mankhwala, pomwe wolondoloza amaona zomwe zimachitika m'miyezi ya pakati pa ulendo wina wa kuchipatala ndi unzake.

Komwe inachokera

Dzina la ntchitoyi linafala kuchokera ku United States. M'zaka za m'ma 1970 zipatala zambiri za anthu odwala matenda a maganizo zinatulutsa odwala kuti azikathandizidwa kwawo, ndipo panafunika anthu owatsatira kuti asasowe pokhala ndi mankhwala. Mu 1983 boma la dzikolo linasintha kalipiridwe ka zipatala pansi pa ndondomeko ya Medicare, n'kuyamba kulipira ndalama yoikika malinga ndi mtundu wa matenda m'malo mowerengera masiku omwe wodwala wagona. Izi zinachititsa zipatala kulemba anamwino oti azikonza katulutsidwe ka odwala ndi chisamaliro chawo akafika kunyumba. Bungwe la Case Management Society of America linakhazikitsidwa mu 1990. Ku Britain, mu 2004, boma linalengeza za anamwino aakulu a m'madera omwe ankapatsidwa okalamba ndi odwala matenda angapo nthawi imodzi kuti aziwatsatira.

M'chigawo chino ntchito yofanana kwambiri ndi imeneyi imapezeka ku South Africa, komwe zipatala zolipira ndi mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo amalemba anamwino oti aziona ngati chithandizo chikuyenda monga mwa dongosolo komanso ngati ndalama zikugwiritsidwa ntchito moyenera. Koma anthu ochuluka a m'chigawochi amadalira zipatala za boma ndi za mipingo, ndipo kumeneko ntchito yolondoloza inakula mwa njira yakeyake, kudzera m'matenda atatu.

Chifuwa chachikulu, Edzi ndi matenda a ana

Matenda oyamba anali chifuwa chachikulu. Munthu wodwala nthendayi amayenera kumwa mankhwala kwa miyezi 6, ndipo akalekera panjira tizilombo timatha kuyamba kupirira mankhwalawo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 katswiri wina, Karel Styblo, anagwira ntchito ndi maboma a Tanzania, Malawi ndi Mozambique pokonza njira yolembera wodwala aliyense m'kaundula, kumuyang'anira akamamwa mankhwala, ndi kuwerengera pakutha pa miyezi itatu iliyonse kuti achira ndi angati, amwalira ndi angati ndipo asowa ndi angati. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatenga njirayi m'zaka za m'ma 1990 n'kuifalitsa pansi pa dzina lakuti DOTS.

Achiwiri anali matenda a Edzi. Mankhwala a ARV asanabwere, mipingo ndi magulu a anthu odzipereka, ambiri mwa iwo amayi, ankasamalira odwala m'makomo. Mankhwalawo atafika, dziko la Malawi linatengera kalembera wa chifuwa chachikulu: wodwala aliyense anali ndi khadi lake kuchipatala, ankabwera ndi womuyang'anira, ndipo zotsatira zinkawerengedwa miyezi itatu iliyonse. Kusiyana kwake kunali kwakuti mankhwala a ARV ndi a moyo wonse. Monga akuluakulu amanenera kuti walira mvula walira matope, kupulumuka kwa anthu ambiri kunabweretsa udindo wowatsatira kwa zaka zosawerengeka. Mu 2011 Malawi inayamba ndondomeko ya Option B+, yoyambitsa mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ka HIV. Chiwerengero cha amayi olandira mankhwala chinakwera msanga, koma zinaonekanso kuti ena mwa omwe anayamba mankhwala tsiku lomwelo lomva zotsatira sankabweranso. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense wopezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala, ndipo funso la kalondolozedwe linakula.

Achitatu ndi matenda opha ana osakwana zaka 5, makamaka malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mu 2008 Malawi inayamba kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kuti aziona ndi kuthandiza ana m'midzi yovuta kufikako, yomwe panthawiyo inali ya pamtunda woposa makilomita 8 kuchokera kuchipatala. Maphunzirowo anali a masiku 6. Mlangizi amafunsa mayi mafunso motsatira pepala lokonzedwa kale, amawerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi, ndipo amayeza mkono wake ndi kachingwe ka mitundu pofuna kudziwa ngati ali wonyentchera. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposera apo pamphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposera apo, amaganiziridwa kuti ali ndi chibayo. Mwana wokomoka, wosanza chilichonse kapena wokanika kuyamwa amatumizidwa kuchipatala mwamsanga. Mabungwe a WHO ndi UNICEF anatulutsa chikalata chovomereza njirayi mu 2012.

Njira zomwe mayiko ayesa

Chifukwa chakuchepa kwa anamwino, mayiko a m'chigawochi apereka gawo lalikulu la ntchitoyi kwa anthu wamba ophunzitsidwa mwapadera, ndipo njira zina zomwe zinayambira kuno zatengedwa ndi mayiko akutali.

Mu 2001, pa chipatala cha Groote Schuur mumzinda wa Cape Town, panayamba bungwe la mothers2mothers, lomwe limalemba ntchito amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV kuti azilangiza ndi kutsatira amayi anzawo oyembekezera. Ku Zimbabwe, ntchito ya Zvandiri, yomwe inayamba mu 2004, imaphunzitsa achinyamata omwe ali pa mankhwala kuti azithandiza achinyamata anzawo. Mu 2007 ku Khayelitsha, ku Cape Town komweko, kunayamba magulu a anthu pafupifupi 30 omwe akumwa bwino mankhwala, amene amakumana miyezi iwiri iliyonse n'kulandira mankhwala popanda kuima pamzere wa dokotala. Mu 2008 m'chigawo cha Tete ku Mozambique, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo linayambitsa timagulu ta anthu osaposa 6 a m'mudzi umodzi, omwe amasinthana kupita kuchipatala kukatengera onse mankhwala. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, momwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo kwa maulendo angapo mpaka atapeza njira yothetsera mavuto awo.

Maboma nawonso ali ndi antchito awo a m'midzi. Ku Malawi alangizi a zaumoyo, omwe chiyambi chawo ndi anthu obaya katemera wa nthomba ndi othandiza pa mliri wa kolera wa m'zaka za m'ma 1970, ali pamalipiro a boma, ndipo cholinga chakhala chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Dziko la Mozambique linayambitsa antchito otchedwa APE mu 1978 ndipo linaikonzanso ndondomekoyi mu 2010. Dziko la Zambia linayamba mu 2011 kuphunzitsa antchito a zaumoyo a m'midzi kwa chaka chathunthu ku Ndola. Chaka chomwecho South Africa inakhazikitsa timagulu ta antchito oyendera makomo totsogozedwa ndi namwino.

Zovuta zomwe zilipo

Vuto loyamba ndi kuchepa kwa ogwira ntchito. Lipoti la WHO la 2006 linatchula mayiko 57 omwe anali ndi vuto lalikulu la kusowa kwa madokotala, anamwino ndi azamba, ndipo 36 mwa iwo anali a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Lipotilo linati Africa inali ndi magawo 24 pa 100 aliwonse a matenda a padziko lonse koma inali ndi antchito a zaumoyo 3 okha pa 100 aliwonse. Namwino amene ali yekha pachipatala chaching'ono, akuona odwala, akubereketsa amayi ndi kugawa mankhwala, sapeza mpata wofufuza amene sanabwere. Kusamuka kwa anamwino kupita ku Britain ndi mayiko ena kumawonjezera vutoli. Mu 2010 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana pa malamulo a kalembedwe ka antchito ochokera kunja, ndipo mndandanda wa 2023 wa mayiko 55 ofunika kutetezedwa unaphatikizapo Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Malamulowa ndi ongodzipereka, ndipo saletsa munthu kudzifunira yekha ntchito kunja.

Vuto lachiwiri ndi kuunjikira ntchito munthu mmodzi. Pulojekiti yatsopano iliyonse imafuna wofika m'mudzi, choncho mlangizi yemweyo amapezeka ali ndi sikelo ya ana, katemera, kulera, ukhondo wa pazitsime, kugawa masikito, kutolera makhololo ndi kufunafuna olekera mankhwala panjira. Kukabuka mliri, monga kolera yemwe anavuta ku Malawi kuyambira mu 2022, kapena kukachitika ngozi monga namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023, ntchito yolondoloza odwala matenda amgonagona ndi yomwe imayamba kuima.

Vuto lachitatu ndi kusowa kwa zipangizo ndi mayendedwe. Mlangizi wopanda mankhwala m'bokosi lake sakhulupiriridwanso ndi anthu a m'mudzi, ndipo kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu ilibe phindu ngati palibe njinga kapena ambulansi. Alangizi ena sakhala m'midzi yomwe anapatsidwa chifukwa chosowa nyumba. Pofuna kuchepetsa kutha kwa mankhwala, Malawi inayamba mu 2011 njira ya cStock, momwe alangizi ankatumiza pafoni uthenga wonena za mankhwala otsala.

Vuto lachinayi ndi la kalembera. Matenda aliwonse ali ndi kaundula wake, ndipo nthawi zambiri makompyuta a chipatala china salumikizana ndi a chipatala chinzake. Munthu amene wasamuka osanena amalembedwa kuti wasowa kuchipatala chakale, kwinaku akulembedwa ngati wodwala watsopano komwe wapitako. Kawirikawiri chipatala chachikulu sichibweza uthenga kwa amene anatumiza wodwala. Buku la kuchipatala lomwe wodwala amasunga yekha, monga lomwe limagwiritsidwa ntchito ku Malawi, limathandiza, koma likatayika kapena kunyowa mbiri yonse imapita nalo.

Vuto lachisanu ndi malire a mayiko. Anthu a m'chigawochi amayenda kwambiri: ogwira ntchito m'migodi, oyendetsa malole, ochita malonda a m'malire ndi ofuna ganyu ku Johannesburg. M'malire a Malawi, Mozambique ndi Zambia, komwe anthu a chinenero chimodzi amakhala mbali zonse, chipatala chapafupi chimatha kukhala cha dziko lina. Pangano la SADC la zaumoyo linasainidwa ku Maputo mu 1999, ndipo mu 2012 atsogoleri a chigawochi anasaina chikalata chokhudza chifuwa chachikulu m'migodi, koma kutsatira wodwala mmodzi akawoloka malire kukadali kovuta.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Wolondoloza amakhala m'mudzi momwemo ndi wodwala. Kufika kwake pakhomo kungaulule matenda omwe mwini wake sanauze mkazi kapena mwamuna wake, n'chifukwa chake odwala ena amapereka dzina, mudzi kapena nambala ya foni yabodza. Chilolezo cha wodwala chimayenera kupemphedwa pachiyambi penipeni, ndipo iye ndi amene ayenera kusankha njira yomufikira.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi la ndalama. Mu 2001 ku Abuja, atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka magawo 15 pa 100 aliwonse a ndalama za boma ku zaumoyo, koma mayiko ochepa okha ndi omwe anakwanitsapo. Aphungu opereka uphungu wa HIV, olemba kaundula ndi ofunafuna odwala ambiri akhala akulipidwa ndi thumba la Global Fund, lomwe linayamba mu 2002, ndi ndondomeko ya boma la America ya PEPFAR, ya mu 2003. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kunja, ndipo pofika mu Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ngakhale ku South Africa, komwe boma limadzigulira lokha mankhwala ambiri ndipo PEPFAR inkapereka pafupifupi magawo 17 pa 100 a ndalama zolimbana ndi Edzi, antchito zikwizikwi anachotsedwa. M'malo ambiri mankhwala analipo m'mashelefu, koma wofunafuna odwala ojomba panalibe.

Maphunziro ndi kukwezedwa pantchito

Mu 2008, pa msonkhano wa ku Addis Ababa, bungwe la WHO linatulutsa malangizo a kagawidwe ka ntchito, olola kuti ntchito zina za madokotala zizigwiridwa ndi anamwino ndipo zina za anamwino zizigwiridwa ndi antchito a m'midzi. South Africa inalola anamwino kuyambitsa odwala pa mankhwala a ARV mu 2010. Malangizowo anatsindika kuti kugawa ntchito kuyenera kuyendera limodzi ndi maphunziro, kuyang'aniridwa ndi malipiro, koma mbali imeneyi ndi yomwe yatsalira.

Kutalika kwa maphunziro oyamba kumasiyana kwambiri. Kwa zaka zambiri alangizi a ku Malawi ankaphunzira masabata 12, a ku Mozambique pafupifupi miyezi 4, a ku Zambia chaka chimodzi, pomwe odzipereka ambiri a m'mabungwe amaphunzira masiku owerengeka. Maphunziro owonjezera nthawi zambiri amakhala misonkhano ya masiku ochepa m'malo ogona alendo, yokonzedwa ndi pulojekiti imodzi pa matenda amodzi. Misonkhano yotere imachotsa antchito pantchito, imayambitsa mikangano ya maalawansi, ndipo chikalata chomwe munthu amalandira sichimukweza paudindo.

Njira zomwe zaoneka zothandiza ndi zophunzitsira munthu pamalo ake a ntchito. Mlangizi wamkulu kapena namwino amakhala naye pamene akuona wodwala, n'kumukonza pomwepo. Antchito a pachipatala amakumana mwezi ndi mwezi kukambirana za odwala omwe nkhani zawo zavuta kapena amene amwalira. Njira ya Project ECHO, yomwe inayamba ku New Mexico mu 2003 ndipo inafika ku Namibia mu 2015, imalumikiza antchito a kumadera akutali ndi akatswiri kudzera pa intaneti kuti akambirane za odwala enieni popanda kutchula maina awo. Anamwino ndi madokotala ali ndi mabungwe owalembetsa omwe amafuna umboni wa maphunziro owonjezera asanawakonzere chiphaso chogwirira ntchito, koma antchito ambiri a m'midzi alibe bungwe lotere.

Luso lofunika pantchitoyi silithera pa kudziwa mankhwala. Wolondoloza amayenera kudziwa kumvetsera popanda kuweruza, kusunga chinsinsi, kulemba bwino, kuzindikira nkhanza za m'banja ndi kuvutika maganizo, komanso kudziwa pomwe pathera mphamvu zake kuti atumize wodwala kwa ena. Amafunikanso womumvera iye mwini, popeza kuona mavuto a anthu tsiku ndi tsiku kumatopetsa mtima.

Mu 2018 bungwe la WHO linatulutsa malangizo okhudza antchito a zaumoyo a m'midzi. Malangizowo amati antchitowa alipidwe molingana ndi ntchito ndi maphunziro awo, akhale ndi mgwirizano wolembedwa, apatsidwe chiphaso akaonetsa luso, aziyang'aniridwa mowalimbikitsa, ndipo akhale ndi mwayi wokwera paudindo. Chaka chomwecho boma la South Africa linagwirizana ndi mabungwe a antchito pa malipiro ofanana a R3,500 pamwezi kwa antchito oterewa. Zomwe zinachitika ku Malawi zikuonetsa kuti kuika ndalama mwa anthu kumabala zipatso: ndondomeko yapadera yomwe inayamba mu 2004 inawonjezera malipiro a antchito a zaumoyo ndi magawo 52 pa 100, inakulitsa sukulu zophunzitsa anamwino, ndipo chiwerengero cha alangizi chinaposa 10,000.

Matenda amgonagona

Kufunika kwa ntchitoyi kukukulirakulira. Anthu omwe anayamba mankhwala a ARV mu 2004 tsopano ndi achikulire, ndipo ena ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khansa. Matenda a khunyu, mphumu ndi a maganizo nawonso amafuna kutsatiridwa kwa moyo wonse. M'boma la Neno ku Malawi, unduna wa zaumoyo ndi bungwe la Partners In Health anaphatikiza odwala Edzi ndi odwala matenda ena amgonagona m'kiliniki imodzi, yokhala ndi antchito a m'midzi omwe amayendera mabanja. Mu 2022, ku Lomé, nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yofuna kuti matenda aakulu monga shuga wa ana, sickle cell ndi nthenda ya mtima azithandizidwa m'zipatala za m'maboma m'malo mwa zipatala zazikulu za m'mizinda zokha.

Kupereka mankhwala a miyezi 3 mpaka 6 nthawi imodzi kwa odwala omwe akupeza bwino kwachepetsa mizere m'zipatala, ndipo kwapereka mpata wakuti wolondoloza aike mtima pa ochepa omwe ali pachiopsezo: ana, achinyamata, amayi oyamwitsa, ongoyamba kumene mankhwala ndi obwerera atalekeza. Zomwe zinachitika mu 2025 zinaonetsa kuti ntchitoyi singadalire mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu. Funso lomwe maunduna a zaumoyo ndi a zachuma m'chigawochi akuyenera kuyankha ndi lakuti, kodi munthu amene amadziwa dzina la wodwala, mudzi wake ndi tsiku lake lobwerera kuchipatala adzalembedwa liti pa mndandanda wa antchito okhazikika a boma, wokhala ndi maphunziro ovomerezeka ndi malipiro odalirika.